Mapiritsi a Mlendo pa Chionetsero cha Mahatchi

Panali mayi wina wa kudera lina la kunja lotchedwa Friesland, dzina lake Tjitske, yemwe ankaweta mahatchi ndi mwamuna wake Wiebe. Tsiku lina masana ali ku chionetsero cha mahatchi, Wiebe anagwetsa kapu ya khofi. Pakamwa panapotoka, mkono wamanja unalefuka, mawu n'kumatuluka ngati a munthu woledzera. Tjitske anaimbira ambulansi.

Siinachedwe. Namwino wa mu ambulansimo, mtsikana wotchedwa Renske, anamuyeza Wiebe n'kuimbira dokotala wa kuchipatala chachikulu. Dokotalayo analamula kuti abwere naye msanga, ndipo asamumwetse chilichonse mpaka atamuunika m'mutu ndi makina.

Pa gulu la anthu oonerera panatulukira bambo wina wovala bwino, imvi zili mbuu. Anati iye ndi dokotala, ndipo matendawa anawaona kambirimbiri. Anati magazi aundana mumtsempha, pakufunika mapiritsi osungunula magazi pompano.

Renske anakana mwaulemu. "Bambo, malamulo satilola kumvera aliyense amene tamupeza panjira. Timamvera dokotala wa kuchipatala. Ngati ndinu dokotala, tionetseni chiphaso, mulankhule naye pa foniyi, kenaka mukwere nafe."

Bamboyo anaseka. "Iwe mwana, ntchitoyi ndinaiyamba usanamere mano."

Foniyo sanailandire. Anadikira kuti Renske ndi dalaivala atembenuke kukatsitsa machira, n'kumunong'oneza Tjitske: "Mayi, anawa akamafika nanu kutauni mukhala muli wamasiye kale."

Mawuwo anamulasa mumtima. Anayang'ana mwamuna wake, malovu akuchucha, anayang'ananso imvi za mlendo uja. Analandira mapiritsi amene mlendoyo anatulutsa m'thumba, kumuika Wiebe m'kamwa, n'kumumwetsa madzi.

Atanyamuka, Renske anafunsa ngati wodwalayo wamwa chilichonse. Tjitske anakana, maso ali pansi.

Asanafike ndi pakati pa ulendo pomwe, Wiebe anasanza. Kenaka anayamba kuliza mkonono wachilendo, ndipo pomuitana sankatsegulanso maso. Tjitske atamva mmene mawu a Renske asinthira pa foni, anamugwira mkono namwinoyo n'kuulula zonse. Renske sanamukalipire. Anangomuuza dokotala zimenezo, n'kuuza dalaivala kuti aponde moto.

Makina anaonetsa kuti mtsempha sunatsekeke, koma unaphulika. Magazi ankatayikira mu ubongo, ndipo mapiritsi aja anachititsa kuti avute kuleka. Madokotala anamuchita opaleshoni. Moyo anaupulumutsa, koma Wiebe sanayendenso, sanalankhulenso.

Apolisi anafunsa aliyense amene anali pa chionetseropo. Palibe ankamudziwa bambo uja. Wina anangoti anamuona akutuluka pachipata ambulansi isananyamuke. Mpaka lero sanapezeke.

Madokotala anamuuza Tjitske kuti palibe angadziwe mmene zikanathera popanda mapiritsiwo. Iye sizinamutonthoze. Mahatchi anagulitsa, tsopano amasamalira mwamuna wake kunyumba. Akamudyetsa chakudya amadya bwinobwino. Koma akangoona Tjitske akubwera ndi mankhwala m'manja, Wiebe amatseka pakamwa mwamphamvu, n'kumangomuyang'ana.

Phunziro: A ambulansi sachita za m'mutu mwawo, amatsogozedwa ndi dokotala wa kuchipatala monga mwa malamulo. Imvi ndi suti si chiphaso. Musamwetse wodwala mankhwala a munthu amene simukumudziwa, ndipo mukalakwitsa ululani msanga. Musaisunge nokha nkhaniyi, itumizeni kwa abale ndi anzanu, mwina mawa ndi iwo amene adzakhale ataima pambali pa machira.