Miyezi Itatu Yosowa

"Fufuta chiganizo chimenecho," anatero aprofesa, akuloza pakompyuta ndi cholembera.

Mnyamata amene anali pakompyutapo sanachifufute. Pepala la kafukufuku wa madzi a m'zitsime linali la achemwali ake. Linali litabwerera kuchokera ku magazini ya akatswiri ndi funso limodzi la woliunika: n'chifukwa chiyani kuyeza madzi kunalekezera mwezi wachisanu ndi chinayi, chaka chisanathe? Mnyamatayo, amene anasiya koleji kuti azidwazika achemwali akewo, anali atayankha kuti: "Wolemba anamwalira."

"Koma ndi zoona, aprofesa."

"Zoona, inde. Koma lamulo lake n'lakuti wounika asadziwe mwini pepala. Akatswiri a zitsime tilipo angati? Tonse tinali kumaliro kuja. Ukalemba zimenezi ndiye kuti wamutchula dzina, pepalali alikana."

"Ndiye ndiname?"

"Usaname, mwanawe. Lemba mwaulemu: 'panali zovuta zina.'"

Mnyamatayo anayang'ana makope a achemwali ake patebulo. Patsamba lomaliza manambala anali okhotakhota, matenda atawagwira kale. Ankadziwa kuti akakana, ntchito yawo ya zaka zinayi ithera m'katoni kunsi kwa bedi. Anafufuta mawu awiriwo, n'kulemba za aprofesa, n'kutumiza.

Yankho linafika patatha milungu isanu ndi umodzi. Analiwerenga pafoni ali chiimirire pakhomo la ofesi ya aprofesa.

"Ntchitoyi ndi yabwino kwambiri, ndipo wolembayu ali ndi tsogolo. Abwerere kuzitsimeko akamalize miyezi itatu yotsalayo, kenaka atumizenso."