Mzere wa Choko pa Khosi la Zakeyo

Panali munthu wina kwa Kabudula, dzina lake Zakeyo, mlonda pa esiteti ya fodya. Chinali chimunthu champhamvu, choti chikagwira mbala, mbalayo inkayamba yokha kuulula ndi zimene inaba chaka chatha. Koma Zakeyo anali ndi vuto limene ankabisa. Tsiku lina akudula mitengo ya chigafa, nthambi inamukwapula m'diso lakumanzere, ndipo kuyambira pamenepo disolo linkangoona chifunga. Kunja linkaoneka labwinobwino. Ankadziwa ndi mkazi wake Estere basi, ndi ana ake, poti akafuna kumubera mtedza m'mbale ankadzera kumanzere komweko.

Chaka china kunamveka kuti kampani ina ikufuna alonda okalondera malo a mafuta ku maiko a Aluya, ndipo mayeso akachitikira ku Namitete. Zakeyo atamva, mtima unali kale m'ndege.

"Bambo a Ethel, nanga diso lija?" anafunsa Estere. "Mukawauze ndithu. Kumeneko akuti achifwamba ake si oba fodya ayi."

"Mayi, diso limodzi likundikwana. Kodi fodya wa bwana anabedwapo ine ndili pa geti?"

"Ine ndikufuna mwamuna wobwera ndi miyendo yake, osati m'bokosi."

Zakeyo anangoseka. Paja wakutsina khutu ndi mnansi, koma khutu la Zakeyo linali la chikopa.

Mnzake wina, Nickson, anayesedwa tsiku loyamba n'kulephera pothamanga. Pobwerera anamutsina khutu la mtundu wina: "Achimwene, za maso musade nazo nkhawa. Amakutsekani diso limodzi n'kukuwerengetsani zilembo za pakhoma. Sasintha. Ine ndazisunga zonse m'mutu."

Zakeyo anaziloweza ngati katekisimu. M'mawa mwake anapalasa njinga kudzera ku Nsaru akuziimba njira yonse. Ukaipa dziwa nyimbo, ndipo nyimbo anaidziwadi.

Pothamanga anasiya anyamata akupuma wefuwefu. Magazi anapezeka abwino, chifuwa chabwino. Atafika pa maso, namwino anamutseka diso lakumanja, kusiya lodwala lija. Zakeyo sankaona ngakhale khoma lenilenilo, koma anazilakatula zilembo zonse mpaka pansi, moti anatsala pang'ono kutsogolera ndodo yolozera ya namwinoyo.

"Maso anu ndi akuthwa, bambo," anatero namwino. Zakeyo anatuluka akuyenda monyang'wa.

Anatsala mayeso omaliza, pabwalo la mpira. Ankayendetsa ndi a Gideoni, msilikali wopuma ntchito, munthu wosachedwa ndi mawu. Anaimika migolo iwiri kuti ikhale geti, n'kunyamula kamtengo kopaka choko kunsonga.

"Aka ndi mpeni," anatero. "Inu muime pa geti, maso pa msewu kutsogoloko. Ine ndidzera m'mbali. Mukangondiona, fuulani."

Itafika nthawi ya Zakeyo, a Gideoni anadzera kumanja mozemba, akuwerama. Asanafike n'komwe, Zakeyo anafuula mpaka agalu a m'mudzi anayankha. Anthu anaomba m'manja.

Kenaka a Gideoni anadzera kumanzere. Poyamba ananyang'ama, koma ataona kuti munthu sakugwedezeka, anaweramuka n'kumayenda poyera ngati akupita kumsika. Anakweza mkono m'mwamba. Anaugwedeza. Zakeyo ali njo, maso pa msewu, akudabwa kuti mkuluyu akuchedwa kuti. Anangomva kanthu kozizira kakudutsa pakhosi, kuchokera kukhutu mpaka pammero.

Anthu anayamba kuseka, koma atayang'ana nkhope ya a Gideoni phwete lonse linatha.

"Diso limeneli linasiya liti kuona?" anafunsa a Gideoni.

Zakeyo sanayesenso kunama. Anaulula zonse, za nthambi, za nyimbo ya zilembo.

"Gwirani pakhosi panupo," anatero a Gideoni. "Mwaona chiyani pa zala?"

"Choko, bwana."

"Kuno timagwiritsa ntchito choko. Kumene mumafuna kupitako choko kulibe. Ndiponso kumbuyo kwa geti yanu kukanakhala anzanu akugona, akudalira diso lanu lakumanzerelo. Mwanamiza namwino, eti? Wobwera ndi mpeni mukanamuimbira nyimbo yanji?"

Chimunthu chija chinakhala pansi pafumbi. Sanachite manyazi kwenikweni. Anachita mantha, mantha enieni, poganiza kuti akanakhoza mayeso amenewa.

A Gideoni sanamuthamangitse ngati galu. Anamutengera kwa dokotala wa kampaniyo, amene anaunika disolo ndi katochi n'kunena kuti ndi ng'ala yobwera chifukwa chovulala, ndipo madokotala a maso amaichotsa.

Zakeyo anafika kunyumba choko chikadali pakhosi, sanachipukute dala. Estere atamva nkhani yonse sananene kuti "ndinakuuzani". Ananyowetsa nsonga ya chitenje, n'kupukuta mzerewo pang'onopang'ono, misozi ili mbwembwembwe.

"Zikomo Ambuye," anatero, "kuti chikuchoka ndi madzi."

Fodya atatha, Zakeyo anapita ku chipatala cha maso ndipo ng'ala ija anaichotsa. Akuti atachira, tsiku lina akudya mtedza pakhonde, anagwira kadzanja ka Ethel kakulowa m'mbale chakumanzere. Mwanayo anakuwa kuti, "Amayi, ababa ayamba kuona uku!" Zakeyo anaseka mpaka kulira, n'kumupatsa mbale yonse.

Phunziro: Amene akukuyezani asanakutumizeni ku ntchito yoopsa si adani anu. Mukhoza kunamiza namwino, koma ngozi simungainamize. Ngati thupi lili ndi vuto, nenani kudakali choko. Tumizirani abale ndi anzanu onse amene akuthamangira ntchito za ulonda kunja, mwina mupulumutsa khosi la wina.