Ukhale Pafupi

"Wandidzutsiranji iwe?" anakalipa makaniko wina ali thasa m'bafa, milomo ili mbuu. Mlongo wake anali atangomupopera m'mphuno mankhwala otsitsimutsa munthu wokomoka ndi heroini, mankhwala ozunguza bongo.

"Achimwene, munasiya kupuma! Tiyeni kuchipatala, anesi akuti akhoza kukuthandizani kusiya."

"Mawa," anatero, monga mwa masiku onse.

Mawa lakelo anabwera kuchokera kugalaja, manja ali bii ndi girizi, n'kumupatsira kabokosi. Mtima wa mtsikanayo unadumpha. Kodi apitadi kuchipatala kuja? Ayamba mankhwala osiyira?

Atatsegula, anapeza kabotolo kena katsopano ka mankhwala opopera m'mphuno aja.

"Ukhale pafupi, mlongo wanga," anatero makaniko uja, osamuyang'ana kumaso, n'kulowa m'bafa momwe anakomokera dzulo lake muja.

Chitseko sanakhome.