Mayendedwe a Mkazi Weniweni

Mtisunge anabwerera pakhomo la khitchini kachisanu ndi chiwiri n'kuyambiranso. Phazi patsogolo pa linzake, chiuno pang'onopang'ono, maso pansi.

"Ukuponda ngati ukuthamangira basi," anatero agogo Farooq ali pampando wawo wamatayala. "Yalla, tiye, yambiranso."

Agogowa, a zaka 87, ndiwo Mtisunge ankawasamalira m'fulati ina ku Al Nahda, kudziko la Aluya. Masana aliwonse akamwa mankhwala ankaonera filimu imodzimodzi ya kwawo, yakalekale, ija yongooneka zakuda ndi zoyera. M'filimumo munali mtsikana wopita kuchitsime, kansalu kali kukhosi, kachipsera kakang'ono katadula nsidze yakumanzere. Koma kuyenda kwake, abale! Ngakhale mtsuko pamutu pake sunkadziwa kuti uli paulendo.

Kuyenda kumeneko ndi kumene Mtisunge ankakufuna, ndipo ankakufuna pofika Lachisanu. Tsikulo anali kukaonekera kwa Brenda, mlongo wake wa Chancellor, mnyamata amene anafunsira Mtisungeyo ukwati. Brenda anali nesi ku Sharjah, ndipo amayi awo ku Ntcheu ankamva za iye yekha. Iyeyo akangopukusa mutu, chinkhoswe cha mu Disembala chathera pomwepo.

Tsoka lake, Brenda anali atamuona kale pafoni atanyamula chibotolo chamadzi paphewa, akukwera masitepe awiriawiri. Akuti anafunsa kuti, "Achimwene, ameneyu munamuyezetsa makoromozomu? Ife akazi timakhala ndi XX. Uyutu ndikumuonamo Y wa amuna." Chancellor anazifotokoza akuseka. Mtisunge anasekako, koma zinamuwawa mpaka nsomba anapsereza tsiku limenelo.

Atawadandaulira agogo, iwo anangoloza pakanema. Sukulu inayamba pomwepo.

Ndipo mphunzitsi wake anali wovuta. Ankadziwa pamene mtsikanayo adzapendeketse khosi, pamene adzaphethire, pamene adzabise kumwetulira ndi chala. Mtsikanayo akamalankhula, milomo ya agogo inkatsatira mawu onse. Akamayenda, mapazi awo ankagwedezeka pansi pa bulangete, maso ali jenjenje kuseri kwa magalasi awo akuluakulu.

Mtisunge sanali mwana. Mwamuna saloweza kuphethira kwa mkazi popanda chifukwa. Komanso chithunzi cha malemu akazi awo chinali pakhonde, pamene cha mtsikanayu chinali m'dilowa ya pambali pa bedi, pansi pa mankhwala. Nkhalamba zimabisa zambiri.

Lachinayi masana anavala chitenje chake chatsopano, nadzikulunga kansalu kukhosi monga wa m'filimu uja. Anayenda kuchoka kukhitchini mpaka pawindo, osafulumira, osagwedeza mapewa. Atatembenuka anapeza agogo misozi ili pamasaya.

"Khalas, basi zatheka," anatero. "Mlamu wakoyo akakukana, ndiye kuti maso ake ndi ofunika dokotala."

Mtisunge mtima unakhala pansi. Anagwada pambali pa mpando, nawakonzera bulangete. Anawamvera chisoni, munthu kusunga chikondi zaka zonsezi m'dilowa.

"Agogo, mundikhululukire. Mkazi ngati ameneyu sabadwa kawiri. Munkamukonda, eti? Nanga bwanji simunamukwatire?"

Agogo anayamba kuseka mpaka chifuwa chinawagwira. Kenako anavula magalasi kuti apukute misozi, koyamba Mtisunge ali pafupi chonchi. Kachipsera kakang'ono kanali katadula nsidze yawo yakumanzere.

"Kwathu masiku amenewo panalibe bambo wolola mwana wake wamkazi kuonekera m'filimu," anatero. "Iwe kuyendaku waphunzira masiku anayi. Ine ndi Y wangayu zinanditengera miyezi itatu."