Chikopa Sichilowa

"Chikopa sichilowa, achikulire," anatero mlonda wa pakachisi wa chipembedzo cha Ajaini ku Dilwara, akuloza kachikwama kanga. "Ndi lamba yemwe. Thalauzalo muzigwira ndi manja."

M'kachikwamamo munali chithunzi cha mkazi wanga Kesar. Anamwalira asanaone maluwa osemedwa pamwala woyera kudenga kwa kachisiyu, amene ankangowatchula chaka ndi chaka.

"Ababa, asiyeni amayi atidikire posiya nsapato pano," anatero mwana wanga Hansa. "Chithunzicho chinamatirira kalekale. Muching'amba."

Ndinakoka chithunzicho.

Nkhope ya Kesar inatsalira pachikopa. Ine ndinatsala ndi kapepala koyera.

Titalowa, Hansa anayang'ana kumwamba n'kugwira pakamwa. Ine ndinatukula kapepalako kuloza kumaluwa aja, ndipo ndinakagwira choncho mpaka mkono unatopa.