Tsiku Lokawasiya Bambo

Marcy ankasaina mapepalawo mwachangu, ngati munthu amene akugulitsa galimoto yakutha ndipo akuopa kuti wogula asintha maganizo. Mchimwene wake Lyle anali pampando wapulasitiki pambali pake, mtima ukuwira. Bambo awo, a Orrin Hovland, anangokhala chete, chipewa chili pamaondo, maso ali pansi.

Panja chipale chofewa chinali chitakwirira misewu ya Duluth. Mkati mwa nyumba yosungira okalambayo munkanunkha mankhwala okolopera ndi khofi wogona. Amati ndi malo abwino. Kaya abwino kwa ndani.

Lyle ankadziwa pamene zinayambira. Chaka chatha anapita onse atatu kwa loya, ndipo Marcy anatulukako ndi mphamvu zonse: za ndalama, za nyumba, za kuchipatala. Lyle anangolozeredwa posaina, iye n'kusaina ngati mboni. Iyeyo, amene anabwerera kwawo mkazi wake atamwalira n'kumakhala ndi mdalayo. Iyeyo, amene ankachotsa chipale pakhomo ndi fosholo msana mpaka kuwawa. Marcy ankakhala ku Minneapolis, ndipo ankangotulukira pa Khirisimasi ndi keke yogula m'sitolo, pakamwa podzaza malangizo.

Nanga mlandu wowafikitsa pano unali wotani? Poto mmodzi anapserera pachitofu. Tsiku lina galimoto inapezeka kunja kwa tauni mafuta atatha. Basi. Ndani saiwala? Koma kwa Marcy zimenezo zinali zokwanira kuti munthu achotsedwe m'nyumba mwake.

Ngakhale m'mawa wa tsikuli Marcy anachita zinthu ngati mwini wake wa dziko. Analongedza zovala Lyle ali kubafa, mu sutikesi yofiira ya Lyle yemweyo, osapempha n'komwe. Makiyi a galimoto anatenga yekha. Kenaka, pofuna kumutseka pakamwa, anamuveka wotchi yatsopano, yotuwa, yolemera, ya lamba wovuta kumasula. Chiphuphu chotchipa chonchi, Lyle chinamunyansa.

Mayi wina wokalamba wa juzi yapinki anayandikira chitseko chagalasi chotulukira panja. Chitsekocho chinalira, n'kudzikhoma chokha. Namwino anapita kukawatembenuza mayiwo pang'onopang'ono, n'kubwerera akumwetulira.

"Musadandaule za kusochera," namwinoyo anauza Marcy. "Aliyense wokhala muno amavala kachipangizo. Akangoyandikira, chitseko chimakana. Mayi ajawa kawo kali pamwendo."

"Ndende imeneyi," anatero Lyle.

Namwino anamuyang'ana mokoma mtima. "Mukufuna khofi, bambo? Mumathira shuga?"

"Khofi wanuyo mumwe nokha." Anatembenukira mlongo wake. "Iwe Marcy, ulibe manyazi? Munthu amene anakuphunzitsa ndi ndalama za kudoko, kunyamula zitsulo m'chisanu, lero ukumutaya ngati mpando wothyoka?"

"Achimwene, khalani pansi. Tinakambirana kale zimenezi."

"Unakambirana ndi ndani? Ndi loya wako uja wa tayi yamaluwa? Nyumba ukuifuna, tenga. Gulitsa ndi makatani omwe. Koma adadi sagona muno ine ndili moyo."

Marcy anaweramira pamapepala aja. Anapukuta m'maso ndi kuseri kwa dzanja n'kupitiriza kusaina. Misozi imeneyo inamukwiyitsa Lyle kuposa mawu. Kulira ukulira, koma cholembera osachisiya.

Chimene chinamupweteka koposa chinali kukhala chete kwa bambo ake. A Orrin anali munthu wosagonja. Anakanganapo ndi mabwana a kudoko, ndi abusa, ndi madokotala omwe. Lero anali atangokhala, kupotokola chipewa, osatsutsa ngakhale liwu limodzi. Lyle anaona kuti Marcy wawathyola mtima asanafike n'komwe pano.

Wantchito wina anabwera kudzatenga sutikesi yofiira ija, n'kuyamba kuikokera m'kanjira kopita kuzipinda. Apa Lyle kupirira kunamuthera. Anaimirira mpando mpaka kugwa, n'kugwira bambo ake pamkono.

"Adadi, valani chipewa. Tikupita kunyumba."

"Lyle, mwana wanga..."

"Makiyi akhale nawo. Tiitana takisi. Ndidzakusamalani ndekha, monga ndakhala ndikuchitira."

Mdalayo anadzuka movutikira. Anayenda awiriwo, mkono pa mkono, kulowera kuchitseko chagalasi. Palibe amene anawatsekereza. Marcy anangoika cholembera pansi, namwino n'kuima chapatali, manja atapinda.

Atatsala pang'ono kufika, chitseko chinalira, n'kudzikhoma.

Lyle anatembenukira namwino mokwiya. "Mwawaveka kale kachipangizo kaja? Liti? Munthu asanalowe n'komwe m'chipinda?" Anakwinya manja a jekete ya bambo ake, koma m'mikono munalibe kanthu. Anagwada pansi n'kukweza miyendo ya buluku lawo. Panali masokosi aubweya basi.

"Dzuka, mwana wanga," anatero a Orrin. "Tabwerera m'mbuyo pang'ono."

Lyle anabwerera. Chitseko chinatseguka, bambo ake ali chiimire pomwepo, mphepo yozizira n'kulowa. Lyle anayandikiranso. Chinalira n'kudzikhoma, ndipo pa wotchi yotuwa ija panayaka kanyali kofiira.

A Orrin anavala chipewa chawo. "Miyendo yanga yatha, Lyle. Sindingathenso kumakufunafuna m'misewu. Ndibwera kudzakuona Lamlungu."