Tsamba Lokana Kukula

Hafu leveni inali itakwana, ndipo kalembera ankatseka thwelofu koloko. Madokotala a maso ochokera kunja ankafuna anthu makumi anayi okha oti awachotse ng'ala. Kulembetsa kwake kunali kwa pa intaneti basi.

Bambo Medson anali pa benchi ya pakhonde la telala, kumsika wa Chinsapo, foni ili pamphuno ngati akuinunkhiza. Anali atatopa, kutopa kwa mpaka m'mafupa. Shuga anawadya maso, ntchito ya mu ofesi inatha, n'kusamukira kuno miyezi iwiri yapitayo. Tsopano tizilembo ta patsamba la chipatala tinkangooneka ngati nyerere.

Mayi Saida, telala uja, anaimitsa makina.

“Abambo, mafoni amakonowa si a aliyense. Bweretsani kuno. Ine ulusi ndimalowetsa pasingano osaphethira.”

Anaika zala ziwiri pagalasi n'kuzitambasula kuti zilembo zikule. Tsamba linangoti nji.

“Silikula limenelo,” anatero Bambo Medson mwaulesi. “Linatsekedwa.”

“Inu mudziwa bwanji? Khalani chete.”

Mayiwo anatsinzina diso limodzi n'kuyamba kulemba. Dzina linalowa, zaka zinalowa. Koma batani lotumizira, aa, linali litathawira kunja kwa galasi, kudzanja lamanja, kukungooneka kamphepete kake kobiriwira. Analikoka ndi chala, osabwera. Anagoneka foni cham'mbali, batani linazimiririka. Anayesa pa foni yawo, yaing'ono kuposa iyi. Zinali chimodzimodzi.

“Koma abale! Tsamba la odwala maso, n'kulembamo tizilembo totere? Wopanga zimenezi ali ndi mutu? Ankaona ngati ku Chinsapo aliyense ali ndi chikompyuta chachikulu ngati chake?”

Bambo Medson ankangosisita maso. Wailesi ya mugolosale yoyandikana nayo inalengeza thwelofu koloko, ndipo kalembera uja anatseka. Madokotalawo kubweranso kwake ndi chaka chamawa, ngati maso adzadikire.

Koma Mayi Saida ukali unali usanathe. Anatsetsereka mpaka pansi penipeni pa tsamba, pomwe panali kamzere kakang'ono kuposa tonse.

“Eya, wapezeka! Wokonza tsambali anasiya nambala yake. Ndimuimbire, amve zomwe wachita.”

“Musavutike, amayi. Sangakuthandizeni.”

“Andithandize, asandithandize, koma lero amva!”

Anabweza foni ya eni ake, natchaya nambala ija pa foni yawo, dzanja lina lili m'chiuno.

Foni ya m'manja mwa Bambo Medson inayamba kulira.

“Tsambalo ndinalitseka ndine,” anatero bambowo osadzutsa mutu. “Ndinkaopa kuti anthu akamakulitsa zilembo, tsamba langa lisiya kukongola. Nthawi imeneyo ndinkaona bwinobwino.”